Sikelo ya ku Atlanta

Caka ciri conse, zotuluka za mayeso zikangolengezedwa pa wailesi, m'midzi mumabuka nkhani imodzi: sukulu yakuti yakhozetsa ana angati, yakuti yagwetsa angati. Makolo ena amagulitsa mbuzi kapena matumba a cimanga kuti atumize mwana kwa amalume ace ku Lusaka kapena ku Chipata, cifukwa anamva kuti sukulu za m'tauni ndizo zikhozetsa. Ife sitiwadzudzula makolo otere, pakuti acita zimenezi cifukwa cokonda ana ao. Koma popeza banja limataya cuma cace podalira ciwerengero, nkoyenera kuti tifunse kumene ciwerengeroco cicokera, ndi amene apindula cikakwera. Lero tikamba za mzinda wakutali umene unatsata makhozedwe a ana ace mwakhama kwa zaka khumi, koma pomaliza pace aphunzitsi ena anamangidwa maunyolo m'khoti.

Amai onse adziwa khadi ya ku sikelo. Mwana akakwezedwa pa sikelo tsiku limodzi, nambala imene namwino alemba siinena zambiri, pakuti ana ena amabadwa onenepa, ena ocepa thupi. Cimene cinena zoona ndi mzere umene ulumikiza madontho a mwezi ndi mwezi. Mzere ukamakwera, mai amapita kwao mtima uli m'malo. Ukaima kapena kutsika, namwino amafunsa za phala, za malungo ndi za kutsegula m'mimba. Kutsata maphunziro a ana m'boma lathunthu ndi nchito ya mtundu womwewo, ndipo ndi nchito yabwino. Koma taganizani namwino amene auzidwa kuti ana a pa ciliniki pace akapanda kulemera adzacotsedwa nchito, ndipo akalemera adzalandira mphatso ya ndalama, pamene sikelo ndi colembera ziri m'manja mwace mwa iye yekha.

Atlanta ndi likulu la cigawo ca Georgia, kum'mwera ca kum'mawa kwa dziko la America, kwao kwa Martin Luther King. Sukulu za boma za mumzindamo ziri pansi pa ofesi imodzi, ndipo ana ace ndi pafupi-fupi 50,000, ambiri a iwo akuda, ambirinso ocokera m'mabanja osauka. M'caka ca 1999 mzindawo unalemba nchito Dr Beverly Hall, mai wobadwira ku Jamaica, kuti akhale mkulu wa sukulu zonsezo. Anapeza sukulu zobwerera m'mbuyo, ndipo anabwera ndi njira imene anthu ambiri anaiyamika: sukulu iri yonse ipatsidwe ciwerengero coti icifikire pa mayeso, ndipo caka cotsatira ciwerengeroco cikwere.

Mu January 2002 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lochedwa No Child Left Behind, ndiko kunena kuti pasakhale mwana wotsalira. Lamulolo linati ana onse a giredi 3 kufikira giredi 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi a masamu caka ciri conse, ndi kuti pofika 2014 mwana ali yense akhale atafika pa muyeso woikidwa. Sukulu yolephera kukwera kwa zaka zingapo zotsatizana inali kulangidwa, kufikira pa kusintha aphunzitsi ace kapena kuikidwa m'manja mwa ena. Tiyenera kunena kuti lamuloli linali ndi mbali yace yabwino. Linalamula kuti zotuluka za ana osauka, za ana akuda ndi za ana olemala zizilembedwa pazokha, kuti zisabisike m'kati mwa ciwerengero ca sukulu yonse. Kale sukulu inali kuchuka cifukwa ca ana a anthu olemera, pamene ana a anthu aganyu anali kutuluka osadziwa kuwerenga popanda wofunsa. Kuulula manyazi amenewo kunali koyenera. Koma kulamula kuti ana 100 pa 100 alionse akhoze pofika caka cakuti kuli ngati kulamula mvula.

Ku Atlanta anaonjezerapo zao. Mphunzitsi wamkulu anali kupatsidwa zaka zitatu kuti afikire ciwerengero cace, apo ai nchito yatha, ndipo m'zaka za Dr Hall aphunzitsi akulu 9 mwa 10 alionse anasinthidwa. Sukulu yofikira mbali yaikulu ya ziwerengero zace inali kulandira ndalama za mphatso zogawana anchito ace. Caka ciri conse anchito onse anali kusonkhana m'bwalo lalikulu la masewera. A m'sukulu zopambana anali kukhala pansi patsogolo, pafupi ndi akulu-akulu, pamene olephera anali kukwera ku mipando ya kutali, poonekera kwa onse. Dr Hall mwini wace analandira mphatso zopitirira madola 500,000 pamwamba pa malipiro ace.

Ndipo ziwerengero zinakweradi. Pa sukulu ya Parks, imene inali m'dera la anthu osauka, ana a giredi 8 okhoza masamu anali 24 pa 100 alionse m'caka ca 2005. Caka cotsatira anali 86. Mlimi amene anakolola matumba 24 caka catha, nanena kuti caka cino wakolola 86 pa munda womwewo, ndi mbeu yomweyo ndi khasu lomwelo, anansi ace amapita kukasuzumira m'nkhokwe. Ku Atlanta sanapite kukasuzumira. Anaomba m'manja, mabungwe a anthu olemera anathira ndalama, ndipo mu February 2009 Dr Hall anasankhidwa kukhala mkulu wa sukulu wopambana onse m'dziko la America m'caka cimeneco.

Amene anayamba kukayika anali atolankhani a nyuzipepala ya mumzindamo, Atlanta Journal-Constitution. M'zaka za 2008 ndi 2009 iwo anatenga ziwerengero zomwezo zimene boma linali kufalitsa, nayerekeza makhozedwe a ana amodzi-modzi omwewo caka ndi caka. Anapeza makalasi amene ana ace anali pansi peni-peni caka cimodzi, caka cinzace ali pamwamba pa cigawo conse, ndipo atapita kwa mphunzitsi wina agwanso. Mwana saphunzira motero, ndipo saiwala motero. Apa pali cinthu cofunika kucigwira: bodza linagwidwa ndi nchito yomweyo ya kutsata ziwerengero, pamene inacitidwa ndi anthu amene analibe mphatso yoyembekezera.

Mayeso a ku Georgia anali ofanana ndi amene ana athu a giredi 7 awadziwa: mwana asankha yankho limodzi mwa angapo, nadetsa malo ace ndi pensulo, ndipo makina ndiwo aconga. Makinawo amatha kuonanso pamene panafufutidwa ndi labala. Boma la Georgia linalamula kuti mapepala a 2009 apimidwe, awerenge malo onse pamene yankho lolakwa linafufutidwa ndi kusandutsidwa lolondola. Mwana ali yense amafufuta kamodzi kapena kawiri, ndipo nthawi zina amafufuta colondola nalemba colakwa. Koma m'makalasi ena a ku Atlanta ana onse anaoneka ngati anafufuta kambiri-mbiri, ndipo pafupi-fupi nthawi zonse dzanja linali kugwera pa yankho loona. M'caka ca 2010, pamene oyang'anira ocokera kunja anaikidwa m'zipinda za mayeso, makhozedwe a sukulu zokayikitsazo anagwa.

Bwanamkubwa wa Georgia, Sonny Perdue, anasankha ofufuza apadera mu August 2010. Iwo anafunsa mafunso kopitirira ka 2,000, nawerenga zikalata zoposa 800,000, ndipo lipoti lao linatuluka mu July 2011. Mwa sukulu 56 zimene anafufuza, anapeza cinyengo m'sukulu 44. Anachula anchito 178, mwa iwo aphunzitsi akulu 38, ndipo anthu 82 anabvomera okha. Zimene anaulula nzomvetsa cisoni. Ena anali kudzitsekera m'cipinda madzulo ndi malabala, ana atapita kwao. Aphunzitsi a pa sukulu ina anatengera mapepala ku nyumba ya mnzao pa mapeto a mlungu, nakhala pamodzi kukonza mayankho monga anthu otongola cimanga. Ena anali kukhazika mwana wofooka pafupi ndi wanzeru, ena kukweza mau powerenga yankho loona. Ofufuzawo anati m'sukulumo munali mantha ndi kuopsezana, ndi kuti amene anayesa kuulula ndiwo anali kulangidwa. Pa sukulu ina mphunzitsi amene ana ace sanakhoze bwino anauzidwa kukwawira pansi pa thebulo pa msonkhano wa aphunzitsi anzace.

Mu March 2013 anthu 35 anaimbidwa mlandu. Ambiri anabvomera milandu yocepa kuti asalowe m'ndende. Khumi ndi awiri anaweruzidwa pa mlandu umene unatenga miyezi yambiri, ndipo pa 1 April 2015 anthu 11 anapezeka olakwa pansi pa lamulo limene linapangidwira magulu a zigawenga. Atatu a iwo, amene anali akulu a m'maofesi, anagamulidwa zaka 7 m'ndende, koma woweruza, Jerry Baxter, anadzatsitsa cilangoco kufika pa zaka zitatu. Dr Hall sanaweruzidwe. Anamwalira ndi matenda a khansa pa 2 March 2015, akukanabe kuti sanadziwe za cinyengoco.

Anthu a ku America akali kutsutsana ngati kunali koyenera kutsekera aphunzitsi m'ndende. Ife tiona kuti wofufuta pepala la mwana ndi wolakwa, ngakhale anacita ndi mantha, pakuti panali aphunzitsi ena m'sukulu zomwezo amene anaopsezedwa cimodzi-modzi koma anakana. Komabe sitingaiwale kuti amene analemba lamulo la 100 pa 100, ndi amene anaomba m'manja osafunsa, anagona m'nyumba zao usiku umene aphunzitsi anagona m'citokosi. Lamulolo linafafanizidwa mu December 2015, pamene Pulezidenti Barack Obama anasaina lina m'malo mwace, caka ca 2014 citapita popanda cigawo ngakhale cimodzi cofikira ciwerengero cija.

Koma amene anaberedwa kweni-kweni ndi ana. Mwana wosadziwa kuwerenga akalembedwa kuti wakhoza, amakwera kalasi, ndipo thandizo lapadera limene akadalandira limamdutsa. Makolo ace amalandira pepala lokondweretsa, naleka kuda nkhawa. Sukulu ya Parks inataya ndalama za thandizo zokwana madola 750,000 cifukwa pa pepala inaoneka kuti yacira. Akatswiri a pa Georgia State University, atatsata ana amene mayankho ao anasinthidwa, anapeza kuti m'zaka zotsatira anali kutsalira pa kuwerenga poyerekeza ndi anzao ofanana nao. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi iri ndi mbali ina imene siikambidwa kawiri-kawiri, ndipo kwa ife ndiyo yofunika koposa. M'zaka zomwezo ana a ku Atlanta anali kupimidwanso pa sikelo yaciwiri. Boma lalikulu la America liri ndi mayeso ochedwa NAEP, amene anayamba m'caka ca 1969, ndipo kuyambira ndi mayeso a 2002 anayamba kulengeza zotuluka za mizinda ikulu-ikulu payokha. Atlanta inali m'gulu loyamba. Mayesowa salembedwa ndi ana onse. Amasankha ana ena mwa maere m'giredi 4 ndi giredi 8, monga mmene wogula amalasira matumba ena kuti aone ngati cimanga cauma. M'zaka zimenezo obweretsa mapepala anali alendo, ndipo anali kucoka nao tsiku lomwelo. Palibe dzina la mwana kapena la sukulu limene limalengezedwa, palibe wokwezedwa pa nchito, palibe wocotsedwa. Cotero palibe amene apindula ndi labala.

Pa sikelo imeneyi Atlanta inakweradi, koma pang'ono-pang'ono, monga akwerera mwana wodya bwino. Pa kuwerenga kwa giredi 8 mzindawo unakwera ndi mapointi 14 pakati pa 2002 ndi 2009, kuposa mizinda inzace imene inali kupimidwa. Ena amati mbali ina ya kukwerako inadza cifukwa ca kusintha kwa anthu okhala mumzindamo, pakuti m'tauni mabanja amasamuka, nyumba za osauka zimagwetsedwa, ndipo olemera amalowa. Mfundo imeneyi njomveka, ndipo wotsata ziwerengero za m'tauni ayenera kufunsa nthawi zonse ngati ana a caka cino ali a mtundu womwewo ndi a zaka zisanu zapitazo. Ngakhale ziri tero, cioneka kuti panali aphunzitsi amene anagwiradi nchito, ndipo ana ao anapita patsogolo. Comvetsa cisoni ndi cakuti kupita patsogolo koonaku kunali kocepa poyerekeza ndi kumene akulu anafuna, cotero kunakwiriridwa ndi bodza, ndipo bodza litaululika, anthu anakayikira zonse pamodzi.

Tsono ife zitikhudza bwanji? Kuno kwathu mabvuto a mayeso tiwadziwa. Mu October 2018 Unduna unaimitsa mayeso a dziko lonse cifukwa mafunso anabedwa ndi kufalitsidwa pa mafoni tsiku lolemba lisanafike. Kumeneko kunali kuba kwa poyera, ndipo kunagwidwa msanga. Cimene Atlanta itiphunzitsa ndi cinyengo ca mtundu wina, cobadwira m'maofesi, cimene cimabvala jekete ndipo cimalandira mphatso. Sicifunikanso labala nthawi zonse. Mphunzitsi wamkulu wopanikizidwa akhoza kukweza ciwerengero cace pongouza ana ofooka kuti abwereze kalasi kapena akalembere kwina. Sukulu imene inayamba ndi ana 200, nilembetsa 120, nikhozetsa 110, idzanyadira ciwerengero cokongola kuposa sukulu ya kumudzi imene inalembetsa ana ace onse 60 nikhozetsa 40. Koma yoyambayo yataya ana 90, yaciwiriyo 20 okha.

Ticenjeza za ici tsopano cifukwa maphunziro athu ali pa kusintha kwakukulu. Kuyambira January 2022 maphunziro ndi aulere kufikira giredi 12, ndipo m'caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana amene anali atakhala ku nyumba cifukwa ca ndalama anabwerera, ndipo makalasi anadzaza, maka-maka m'makomboni a m'tauni. Sukulu ikalandira ana amene anajomba zaka ziwiri, ciwerengero ca okhoza cikhoza kutsika pamene sukuluyo ikucita zabwino koposa kale. Woweruza mphunzitsi wamkulu ndi ciwerengero cokhaco adzalanga munthu amene anatsegula citseko, natamanda amene anacitseka. Ndiponso m'caka ca 2025 ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba kugwira nchito m'makalasi oyamba a pulaimale ndi a sekondale, ndipo mayeso adzasintha pamodzi nayo. Sikelo ikasinthidwa, nambala za kale ndi za tsopano sizilumikizana. Georgia nayonso inasintha mayeso ace pambuyo pa mlandu uja, ndipo cimene cinasunga mzere wosaduka ndi mayeso a maere aja.

Sikelo yotero nafenso tiri nayo. Kuyambira 1999 dziko lathu lakhala likupima ana a giredi 5 osankhidwa m'zigawo zonse, kuti lidziwe mmene akuwerengera ndi mmene akucitira masamu, ndipo bungwe la Examinations Council of Zambia ndilo ligwira nchitoyo pamodzi ndi Unduna. Koma ndi makolo angati ku Petauke kapena ku Chadiza amene anamvapo za kupima kumeneku? Malipoti ace amathera m'maofesi, m'Cingelezi cobvuta, pamene ziwerengero za okhoza giredi 12 zimalengezedwa ndi ng'oma. Tipempha Unduna kuti kupimaku kusadukize, kuti mizinda ikulu monga Lusaka, Kitwe ndi Ndola izionetsedwa payokha kuti tidziwe ngati mbiri ya sukulu za m'tauni njoona, ndi kuti zotuluka zace zizimasuliridwa m'zinenero zathu ndi kuwerengedwa pa wailesi. Tipemphanso kuti kupimaku kukhalebe kopanda mphatso ndi kopanda cilango, pakuti tsiku limene munthu adzakwezedwa nako pa nchito ndilo tsiku limene kudzayamba kunama.

Ena adzati tikuteteza aphunzitsi aulesi. Ai. Mphunzitsi wobwera ku nchito ataledzera, kapena wosiya ana m'kalasi kupita ku malonda ace, safuna makina kuti adziwike; mudzi wonse umamdziwa, ndipo woyendera sukulu amene afika ndi mapazi ace adzampeza. Ziwerengero zikatsika zaka zitatu zotsatizana, akulu a maphunziro apite akaone: kapena mabuku palibe, kapena mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100, kapena ulesi ulipodi. Zikakwera modzidzimutsa apitenso, ndi liwiro lomwelo, asanagule mphatso.

Kwa inu makolo, pa msonkhano wa PTA musakhutire ndi nambala imodzi yowerengedwa mothamanga. Pemphani kuti pa bolodi palembedwe zaka zisanu zotsatizana, ndipo pa caka ciri conse paoneke ana amene anayamba kalasi, amene analembetsa mayeso, amene analembadi, ndi amene anakhoza, anyamata paokha ndi atsikana paokha. Ofesi ya DEBS m'boma liri lonse iri nazo kale nambala zimenezi, ndipo kuzilemba pa bolodi kufuna coko cimodzi cabe. Ndipo musanagulitse mbuzi kuti mwana apite ku tauni, muitaneni madzulo, mumpatse tsamba lino kuti akuwerengereni ndime imodzi mokweza. Tumaninso mau kwa amalume ace kuti acite cimodzi-modzi ndi mwana wao wa kalasi lomwelo, amene aphunzira pa sukulu imene mukuisirirayo.